Loko Wobwera Wotsegula

Panali mayi wina wachitsikana kumudzi kwina ku Ntcheu, mwamuna wake ali ku Joni. Bamboyo anachoka mkazi ali woyembekezera, ndiye mwana wawo Yankho ankangomuonera pa zithunzi.

Pa zithunzi zonsezo, Yankho miyendo ili m'chitenje. Kunja kutenthe bwanji, miyendo m'chitenje. Chifukwa chake nchakuti mwanayo anabadwa phazi lamanzere litapindikira m'kati, ndipo mayi uja sanamuuze mwamuna wake. Akanamuuza bwanji? Foni yaikulu pamudzipo inali ya mlamu wake, ndipo bambo akaimba, apongozi amakokera mpando pafupi, ana amasiya masewera. Paja apongoziwo anali atanena kale kuti zopindikazi nzakuchikazi, kwawo kulibe.

Mayiyu ankatumiza mtedza ndi usipa ku Joni kudzera kwa a Matiki, woyendetsa galimoto ya katundu. Koma katundu wa pamsewu, amayi anzanga, amagwiridwa ndi manja ambiri. Thumba limachoka lodzadza, likafika lopepuka. Bambo uja atatopa nazo, anatumiza kabokosi kachitsulo, pakamwa pake pakulendewera loko wotsegula.

Mayi anakutumula kabokosi, anasuzumira m'kati. "A Matiki, kiyi mwataya kuti?"

"Kiyi sanabwere, mayi. Ali m'thumba mwa amuna anu. Inu mungoika zanu, mudine, basi watseka. Kutseka sikufuna kiyi."

Mayi uja anakhala nazo m'mutu masiku angapo. Loko aliyense amuone, amugwire, palibe kanthu. Koma wotsegula ndi mmodzi, ndipo mmodziyo ndi bambo a mwana. Anati mumtima, mwayi wanga ndi uwu. Anabwereka foni kwa mnzake wa kusikelo, anamuvula mwana chitenje, anamujambula kanema akulondola nkhuku pabwalo, phazi likuponda cham'mbali. Iyenso analankhulamo, misozi ili mbwembwembwe. Anatulutsa m'fonimo kamemore khadi kosunga kanemayo, anakamanga m'kansalu, anakakwirira pansi pa mtedza. Kenaka loko uja, khethe!

Atangodina, mtima unasintha. Anakumbukira amuna amene anamva zoterezi, foni nkusiya kuimba, kenaka kumangomva kuti anapeza wina komweko. Anati iyayi, ndichotse, apite mtedza wokha. Anakoka loko, ayi. Analowetsa kiyi wa chitseko, ayi. Anayesa chipini cha thewera, chinangopindika. Zinthu waika yekha, watseka yekha, koma kutsegula kwamukanika.

Mmawa wa tsiku lonyamuka a Matiki, anabereka mwana, kabokosi pamutu, ulendo kwa wowotcherera zitsulo pamsika.

"Achimwene, nditsegulireni uyu."

"Kutsegula sindingathe, chemwali. Kudula ndi sowo ndiye ndingathe. Koma ndikadula, satsekanso. Mtedza wanu udyedwa usanafike pamalire ku Zobue."

Mayi anaima pamenepo. Sowo ili m'manja mwa munthu, galimoto ya a Matiki ikuliza hutala patsidya pa msewu. Adule, atenge kakhadi kake, apitirize kufunditsa mwana chitenje mpaka liti? Kapena kabokosiko akaleke kapite kwa mwini kiyi? Yankho kumbuyoko anali akumenya kabokosi ndi timanja, akuseka. Mayi anapukuta m'maso, anawoloka msewu, anapereka kwa a Matiki osadula.

Sabata imeneyo chakudya sichinkalowa. Foni ya mlamu ikalira, ankasiya zonse nkutchera khutu.

Loweruka inalira ya iye. Apongozi anakokera mpando monga mwa masiku onse. Mawu a bambo anamveka pabwalo ponse:

"Amake Yankho, ndaona. Mwanayu ndi waliwirotu, nkhuku ija anatsala pang'ono kuigwira! Ndiye mwakhala mukulira nokha nthawi yonseyi, ine ndili moyo? Lolemba mupite naye kuchipatala, mapazi otere amawongola. Amayi, muli pompo eti? Muwaperekeze, ndi mdzukulu wanu ameneyo."

Kenaka bambo anawonjeza: "Koma mtedza mwaika wochepa."

Amayi anzanga, ine sukulu sindinapite patali, koma odziwa za mafoni anandiuza kuti uthenga wachinsinsi umayendanso chomwechi. Munthu amagawa loko wake kwa aliyense wofuna kumulembera, kiyi nkusunga yekha. Uthenga udutse m'manja mwa anthu angati, wowerenga ndi mwini kiyi. Nditamva ndinati, kodi si pemphero limeneli?

Mulungu anatigawira tonse loko wotsegula. Safuna sukulu, safuna mawu okoma. Chimene ukuopa kuuza apongozi, chimene sungatchule ngakhale pa gulu lathu lino, uike mmenemo, udine ndi Ameni. Panjira palibe wosuzumira.

Koma vuto lathu ndi ili. Timapemphera mmawa, pofika masana tili kalikiliki ndi chipini, kufuna kutulutsanso nkhawa ija kuti tiisenze tokha. Timaopa kuti Atate akaona phazi lopindika atitaya. Lekani kukoka, mayi. Mwapereka, mwapereka. Amene ali ndi kiyiyo si mlendo wapanjira ayi, ndi Atate ake a mwanayo, ndipo akatsegula sayamba nkuona chilema. Amayamba nkuona mwana wawo.