Matsagwidi a Chitute

Padangokhala, chaka chija mvula idadula chimanga chisanamasule, njala idaluma mpaka nyama zonse zinkayenda nthiti zili pamtunda. Chinthu chokha chotukumuka chimene chidatsala m'dzikomo chidali nkhokwe ya Njiri. Idadzaza mtedza mpaka kufufuma m'mbali, koma mwini wakeyo adali chilombo chouma mtima. Ankadziyesanso wokongola, poti nkhope yake adali asadaionepo. Madzi alionse ankayamba wawavundula asanamwe.

Chitute, kambewa kaja kamasaya otambasuka, adali ndi ana asanu kuuna, tsidya la dambo. Anawo adali atasiya kulira, ndipo mwana wanjala akasiya kulira ndiye kuti zafika poipa. Choncho Chitute adakoka mchira wake wautali, umene ankaunyadira kwabasi masiku amenewo, napita kwa Njiri kukapempha ganyu yoswa mtedza. Adapezako Kamba ndi Chule. Malipiro ake adali makoko.

"Tamverani, amphawi inu," adatero Njiri. "Pano mwalowa muli ophwa, mutulukenso muli ophwa. Chilichonse chotupa ndichifinya."

Poweruka adaima pachipata.

"Iwe Kamba, m'linundamo wabisamo chiyani?"

"Ndi msana wanga, bwana, ndidabadwa nawo."

Njiri adamugudubuza ndi mano ake aja, namusiya chagada, miyendo ili m'mwamba.

"Nanga iwe Chule, chithokomiro chimenechi wachitenga kuti?"

"Ndimapumira pamenepo, bwana."

Adamuponda pakhosi mpaka maso adatong'oka. Mtedza sudatuluke ngakhale umodzi.

Kenaka adafika Chitute, masaya ali tukumu uku ndi uku. M'kati mudali mtedza, koma adasiya kampata koti lilime lizitembenukira.

"Musayandikire, bwana!" adafuula mobwebweta. "Ndi matsagwidi awa! Andigwira masana omwe ano."

Njiri adadumpha chambuyo. Matenda otupitsa nkhope ankawaopa kuposa mkondo.

"Choka pano, kanyama konyansa iwe! Ukaphwe kwanu!"

Tsiku limenelo ana a Chitute adayambanso kulira, ndipo mayi wawo adasangalala kumva phokosolo.

M'mawa mwake Chitute adabwera masaya ali phwa.

"Matenda aja apita kuti?" adafunsa Njiri, diso lili psuu.

"Ndachita mwambo wake, bwana. Paja wodwala matsagwidi amamanga kamtolo ka nkhuni, n'kukakaponya pakhomo pa wina, n'kuthawa osacheuka, kuti matendawo atsale komweko. Koma angawa ngokakamira. Dzuwa likapendeka amanditsatira."

Zoonadi, dzuwa litapendeka masaya adatupanso, ndipo pamutu adasenza kamtolo ka nkhuni kotukumuka pakati.

"Kamtoloko kali ndi mimba bwanji?"

"Ndi matendawo, bwana, ndawamangira momwemo. Masulani muone. Kungoti womasula ndiye amasanduka mwini wake."

Njiri adalavula malovu, namuthira fumbi ndi phazi. Chitute adadutsa akutsimphina, koma atangokhota pachulu adaliyatsa liwiro.

Tsiku lachitatu Njiri adazungulira nkhokwe yake, napeza kuti mbali imodzi yayamba kuphwa. Mtima udamuwira. Adadikira pachipata mano ali gwa, ndipo Chitute atatulukira ndi masaya ake aja adamutsekera njira.

"Matenda a mtundu wanji obwera poweruka pokha? Nkhokwe yanga ikuphwa, iwe ukutupa. Lero ndikufinya, kaya nditengera kaya sinditengera."

Chitute adadziwa kuti phazi limenelo likatera pa iye ndiye kuti ana ake atsala amasiye. Adayang'anitsitsa nkhope ya Njiri, kenaka adagwira kumutu.

"Mayo ine! Bwana, mwatengera kale!"

"Ukuti chiyani?"

"Kunsi kwa maso kwatuluka ziwiri, chakukamwaku ziwirinso. Angawa ndi masewera, anuwa ndiye matsagwidi enieni!"

Adathamanga kukatunga madzi oyera m'chikho. Njiri adasuzumiramo, ndipo kwa nthawi yoyamba adaona zotupa zinayi zimene adabadwa nazo, zili tumphu ngati mitumbira ya mbatata.

"Kamba! Chule! Kodi dzulo ndinali nazo izi?"

Kamba adakumbukira kugona chagada. Chule adakumbukira phazi lija.

"Munalibe, bwana," adayankhira pamodzi. "Nkhope yanu inali see."

Chilombo chija chidatembenukira kwa Chitute.

"Ndichite chiyani, Chitute mbale wanga?"

Taonani, lero wasanduka mbale!

"Mwambo ndi womwe uja, bwana. Koma munthu wamkulu ngati inu kamtolo sikangakwane, pafunika chimtolo. Komanso simungakaponye pakhomo pa mmphawi, matendawo angakane kutsalapo. Pafunika khomo la wamkulu mnzanu."

Njiri adaganiza za Kambuku, amene ankadana naye kuyambira kale, ndipo pakati pa mantha adamwetulira. Adamanga chimtolo cha nkhuni, nachisenza mpaka kuphanga kwa mdani wakeyo. Kambuku adali ataodzera pakhomo, akuothera dzuwa. Chimtolo chija chidamutera pamphuno penipeni, phii! Njiri adatembenuka, mchira uli njo m'mwamba, nathawa osacheuka monga mwa mwambo. Zikhadabo zidamulemba m'matako kawiri konse, iye osacheukabe, kuopa kuti matenda angamubwerere.

Kunkhokwe kuja Kamba ndi Chule adatapa zokwanira, nanyamuka.

"Tiyeni, achimwene, chisanabwere chilombocho," adatero Chule.

"Tsogolani, ndikupezani."

Chitute adadziwa kuti ganyu yathera pomwepo, ndipo kwawo kudali kutali, kosatheka kupita n'kubweranso. Ulendo udali umodzi wokhawo. Ndiye adayamba kulonga. Adalonga tsaya lamanja mpaka lidafika paphewa, nalonga lamanzere chimodzimodzi. Apo pakadakwana, koma dyera lidamunong'oneza kuti padakali malo. Adatsekanso ndi kampata ka lilime kaja, kamene kadamupulumutsa katatu konse.

Akutsika pankhokwe, adangomva chinthu cholemera chamuponda mchira. Adali Njiri, thovu lili kukamwa, magazi ali chuchuchu kumbuyo, zotupa zonse zinayi zili pomwepo.

"Kambuku wandiuza pondithamangitsa kuti nkhope imeneyi akuidziwa kuyambira ndili mwana," adatero Njiri motsitsa mawu. "Lankhula tsopano, sing'anga. Ndikufuna ndimve bodza lako lomaliza."

Bodzalo lidalipo ndithu, labwino zedi. Kungofuula kuti "Kambuku uyo kumbuyo kwanu!" Njiri akadadumpha, mchira n'kumasuka. Koma kuti afuule adayenera kulavula, ndipo mtedza ukadamwazika pansi sakadautolanso. Adaganiza za mchira wake wokongola. Adaganiza za timimba tisanu tophwa tija.

"Hmmm," adatero Chitute.

"Wati chiyani?"

Njiri adawerama kuti amvetsetse. Chitute adatseka maso, nadziponya kutsogolo ndi mphamvu zake zonse. Thu! Mchira udatsala kuphazi kwa Njiri, mwini wake ali m'udzu, akugudubuzika ndi kulemera kwa masaya, misozi ili mbwembwembwe.

Atafika kuuna, mkazi wake adamuzungulira, nagwira pakamwa.

"Bambo a ana, mchira uja uli kuti?"

Chitute adakhuthula masaya pansi. Mtedza udaunjikana mulu woti udadzawafikitsa mpaka ngumbi zitatuluka. Adatambasula nsagwada, nayang'ana kachitsa kamene kadatsala kumbuyo, kenaka adaphulika nako kuseka ngakhale pankawawa.

"Kodi mayi, anawa amadya mchira?"

Mpaka lero Chitute ndi wa kamchira kakafupi, ndipo Njiri polowa kuuna amalowa chambuyo, maso ali kunja, poti kusacheuka kudamukwana tsiku limodzi lomwe lija. Zotupa zake sizidaphwe. Yaphwa ndi nthano yangayi.