Madanga a Mkamwini ndi Keke Yaukwati

M'shopu yophika makeke ya apongozi ake aakazi, mkamwini wina anayambira pa ntchito yoswa mazira. Anali munthu wa changu ndi wa nsangala, koma woti akaona chinthu chatsopano sagona tulo. Apongoziwo miyendo inali itayamba kuwavuta, ndipo ananena pamaso pa onse kuti akadzaona kuti mkamwini wakhwima adzamusiyira kiyi wa shopu, iwo nkupita kukalera adzukulu. Kuyambira tsiku limenelo mkamwini sankalotanso china koma kiyiyo.

Maoda ankabwera pa imelo, aliyense ndi chikalata chake, nkumaunjikana m'foda imodzi pa kompyuta ya pafupi ndi uvuni. Kuti udziwe keke yofunika mawa unkayenera kutsegula chikalata chilichonse, manja ali ufa wokhawokha. Tsiku lina, potokosatokosa, mkamwini anatulukira kuti chikalata chilichonse chili ndi kamalo komwe munthu angalembemo zake, ndiponso kuti pulogalamu ya imelo ikhoza kuonetsa zolembazo m'danga lakelake pambali pa dzina la chikalata. Analemba tsiku lotenga keke pa oda aliyense, nkuuza foda kuti iwandandalike motsatira masikuwo. Mwa kanthawi kochepa keke ya mawa inakhala pamwamba, ya mwezi wamawa pansi.

Mkamwini anavina, bambo wamkulu, chomenyera mazira chili m'manja, mpaka anagunda thumba la shuga. Apongozi anavala magalasi, nkuyang'ana pa sikirini kwa nthawi, kenako anaika lamulo loti kuyambira pamenepo cha pamwamba ndiye choyamba kulowa mu uvuni, popanda wina kutsegulanso chikalata. Madzulo ake anamupatsa kiyi uja kuti ayambe wayeserera.

"Mwachita bwino, bambo," anatero. "Koma palekereni pomwepa, madanga awiriwa, la dzina ndi la tsiku, akwana."

Mkamwini anavomera mwaulemu, manja ali kumbuyo, koma mawuwo analowera khutu ili nkutulukira linalo. M'mawa mwake anawonjezera danga la kakomedwe ka keke. Linamusangalatsa. Anawonjezera la mtundu, la kukula, la maluwa, la makandulo, mpaka lina lonena ngati mwini keke ndi munthu womwetulira kapena wa nkhope ya mandimu. Danga lililonse likatuluka ankaimba mluzu nkuitana anthu kuti adzaone, ndipo wobweretsa ufa anamuimika pakhomo thumba lili paphewa kuti amufotokozere zonse. Mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake amene ankakongoletsa makeke, ankamuseka kuti posachedwa aikanso danga la nambala ya nsapato za mkwatibwi. Iye sanakwiye ayi, anangoti ganizolo si loipa.

Tsono sikirini ili ndi malire ake. Madanga atsopano ankalowa kutsogolo, ndipo danga la tsiku lija linakankhidwira kumanja pang'onopang'ono mpaka linabisika osaonekanso. Kenako mkamwini anadina pamutu pa danga la mtundu, maoda onse nkuima m'magulumagulu, obiriwira pamwamba, oyera pansi penipeni. Anaona kuti zakongola ngati duka la nsalu ndipo anazisiya choncho. Ophika a m'shopumo anapitiriza kutsata lamulo la apongozi lija mokhulupirika, kuphika cha pamwamba, ndipo mlungu wonsewo shopu inadzaza zobiriwira.

Loweruka m'mawa panaima galimoto yomangidwa maliboni. Anatsika ankhoswe awiri atatchena, kudzatenga keke yoyera yosanjikiza katatu, poti ukwati unali utayamba kale kutchalitchi. Mkamwini anawalandira ndi mano onse panja, nkuwakokera pa kompyuta kuti aone kaye luso lake. Anatsitsa, anatsitsa, mpaka anaipeza keke yawo ili phe pansi, yosaphikidwa. Pa mashelefu panali makeke a ana ofunika mwezi wamawa: bwalo la mpira, galimoto yankhondo, ndi chule wamkulu wa maso otong'oka.

Mlamu wake anaseka mpaka anakhala pansi. Ataimirira anapukuta misozi, nkugwira mpeni. Anapala zobiriwira zonse pa makeke atatuwo, mkamwini akumenya zopaka zoyera ngati wapenga, nkhoswe wina atavula jekete akugwirira mbale, winayo akuimbira foni kutchalitchi kupempha kuti kwaya iwonjezere nyimbo. Anaika bwalo pansi, galimoto pakati, chule pamwamba atamudula miyendo, nkuzikwirira zonse ndi maluwa. Inatuluka keke yoyera ndithu, koma yopendekeka, ndipo ukaiyang'anitsitsa inkakubwezera maso. Ankhoswe anainyamula osatsanzika, mmodzi akung'ung'udza kuti akakamba bwanji kwa make mkwatibwi.

Apongozi anaona zonsezi ali pampando wawo wa pakona. Galimoto itachoka anaitana mkamwini nkumufunsa kuti danga la tsiku lili kuti. Iye anakoka mausi kumanja, kudutsa makandulo, kudutsa nkhope za mandimu, mpaka linatulukira, tsiku la lero lili mbee.

"Amayi, linalipo ndithu, kungoti anzake analiphimba," anatero, mawu akuchepa.

"Ndaona, bambo. Inunso mulipo ndithu, kungoti chimwemwe chakuphimbani."

Anatambasula dzanja mayi aja, ndipo mkamwini anadziwa chimene linkafuna. Kiyi anabwerera pachingwe cha m'khosi mwawo. Zinamuwawa kwambiri, poti anali atauza kale anzake onse kuti shopu ndi yake. Anafufuta yekha madanga onse, kusiya awiri oyamba aja, ndipo adzukulu anapitiriza kudikira agogo awo.

Lolemba anapezeka pa tebulo lake lakale, thireyi ya mazira ili patsogolo. Mlamu wake podutsa anamufunsa ngati mazirawo awaswe motsatira mtundu kapena kukula. Mkamwini anaseka nawo, poti akanatani, koma pochoka madzulo anaima pambali kudikira kuti apongozi akhome chitseko. Akuluakulu sananame: chakomachakoma pusi anagwa chagada.