Mpiringidzo Wotulutsidwa Msanga M'chikombole

Panali munthu wina, dzina lake Yotamu, amene ankagwira ntchito m'fakitale ina kumalekezero a mzinda. Kumeneko ankapanga mipiringidzo yachitsulo yoika m'kati mwa zitseko za minibasi. Inu simunaionepo mipiringidzoyi, ngakhale mumaitsamira tsiku ndi tsiku. Imakhala yobisika kuseri kwa lata ndi penti, ili duu, zaka ndi zaka osachita kanthu. Ntchito yake ndi ya tsiku limodzi lokha, tsiku limene galimoto ina idzagunde chitsekocho. Tsikulo mpiringidzo ukalimba, wokhala pakhomo amatsika n'kukafotokoza yekha kunyumba. Ukapindika, amakafotokoza ndi ena.

Kapangidwe kake kanali kotere. Ankatenga chitsulo chophwatalala, chodulidwa kale, n'kuchilowetsa m'ng'anjo mpaka chifiire psu. Chikatero chimafewa. Yotamu ankachitola ndi mbaniro yaitali n'kufulumira nacho kukachiika m'chikombole cha makina opanira. Pamenepo panalibe zocheuka, chifukwa chitsulo chikazizira panjira chimakana kupindika, mwinanso kung'aluka. Akaponda chopondera, makina ankatsika ndi mphamvu zonse, chitsulo n'kutenga maonekedwe a chikombole nthawi yomweyo. Koma m'kati mwa chikombolecho munali mapaipi oyenda madzi ozizira. Lamulo linali lakuti chitsulo chikhale chopanidwa mmenemo mpaka munthu awerenge kufika khumi ndi ziwiri, mosathamanga, ndipo pokhapo n'kutsegula.

Yotamu ankaikonda ntchito yakeyi, ndipo anali ataigwira zaka makumi awiri. Anali munthu wosapupuluma. Anzake ankawerenga chamumtima, wani, thu, fili, koma iye ankawerenga motulutsa mawu, m'Chichewa chachitali chija: zisanu ndi chimodzi, zisanu ndi ziwiri, zisanu ndi zitatu. Pachifukwa ichi anam'patsa dzina lakuti a Dikirani. Ena ankati ngakhale tiyi kunyumba samwa asanawerenge. Iye ankangoseka, pakuti sizinali zabodza kwenikweni. Akaweruka ankapalasa njinga yake pang'onopang'ono, malaya ali nyowe ndi thukuta, mtima uli m'malo. Sanafunepo moyo wina.

Pa makina oyandikana ndi ake panali mnzake, Sandifolo. Ameneyu anali munthu wabwino, wanthabwala, wamanja achangu. Mkazi wake, amake Ulemu, ankagulitsa tomato, ndipo m'mawa uliwonse ankakwera minibasi kukapikula kumsika wakutali. Sandifolo ankakonda kuseketsa anzake ndi nkhani za mayiyu, mmene amakanganirana ndi makondakitala kuti akhale pampando wa pakhomo, kumene angayang'anire bwino dengu lake. Ankati ngakhale mutam'patsa mpando wakutsogolo waulere, sangasunthe.

Tsiku lina phazi la Sandifolo linaterereka pachopondera, makina n'kutseguka atangowerenga zinayi. Anautulutsa mpiringidzo uja ali ndi mantha. Anautembenuza uku ndi uku. Anauyeza. Unali wowongoka pofunika kuwongoka, wopindika pofunika kupindika, wosasiyana ndi unzake ngakhale pang'ono. Tsono anayamba kulingalira. Cholimbitsa chitsulo ndi moto, anatero mumtima, ndipo moto wagwira kale ntchito yake. Chikombole chimangopereka maonekedwe, ndipo maonekedwewo ndi awa. Nanga kudikira konseku n'kwa chiyani? Musamuweruze msanga. Pomulemba ntchito anamuuza lamulo, koma palibe anamuuza chifukwa chake.

Kuyambira tsikulo Sandifolo ankatsegula pa zinayi, ndipo mulu wa mipiringidzo yake unayamba kukwera. Wa Yotamu unkakula monga mwa masiku onse.

Yotamu anaona, ndipo nthawi yopuma anam'tengera pambali.

"Achimwene, mukutsegula msanga."

Sandifolo anatola mipiringidzo iwiri, wake ndi wa Yotamu, n'kuisinthasintha kumbuyo kwake. "Chabwino, a Dikirani, ndiuzeni. Wanu ndi uti?"

Yotamu anayang'ana, koma sanathe kuloza. Iye ankadziwa chitsulo ndi manja, osati ndi pakamwa. Anangoti, "Chikuoneka bwino, koma sichinalimbe." Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Lolemba lotsatira kapitawo anawaitana onse awiri. Kapitawoyu anali watsopano, wochokera ku chigawo cha penti, ndipo za moto sankazidziwa. Chimene ankadziwa n'kuona milu. Anati akuluakulu alamula kuti makina amodzi atsekedwe pofika Lachisanu, ndipo wamulu waukulu atsala, winayo apite kwawo.

Yotamu anachita mantha, ndipo sindikubisirani. Imvi zinali zitayamba. Luso lina analibe, munda analibe, ndipo ankadziwa kuti munthu wa msinkhu wake akatuluka pageti la fakitale sapezanso geti lina lomutsegukira. Lachiwiri anafulumiza manja, Lachitatu sanapume nkomwe, komabe mulu wa mnzake unali kutali. Lachinayi chakumasana anaika chitsulo m'chikombole, anaponda, anayamba kuwerenga. Atafika pa zinayi mawu anaima. Phazi linkayabwa. Ndani akanadziwa? Iye mwini analephera kusiyanitsa ndi maso. Chitsulocho chikanapakidwa penti, n'kutsekeredwa m'chitseko, n'kupita kutali kukanyamula anthu amene sadzamva dzina lake. Kenako ananena mokweza kuti, "Zisanu." Anapitiriza mpaka khumi ndi ziwiri, akudziona ngati chitsiru chimene chikudzichotsa chokha ntchito.

Lachisanu kapitawo anabwera, manja ali m'thumba.

"Bambo Yotamu, milu mukuiona nokha."

"Ndikuiona, bwana. Ndikupempha chinthu chimodzi ndisanavule ovolosi."

Pabwalo la fakitale panadutsa ngalande ya madzi amvula, yotambalala ngati mkono wa munthu. Yotamu anatola mpiringidzo umodzi pamulu wake, n'kupempha Sandifolo kuti asankhe yekha wabwino koposa pamulu wakenso. Anaiyala yonse iwiri modutsa ngalandeyo, wina kumanzere, wina kumanja, motalikirana ngati matayala a galimoto. Kenako anapempha dalaivala wa galimoto ya fakitale, imene inali itadzaza zitsulo, kuti awoloke pamenepo pang'onopang'ono.

Antchito anasiya zochita n'kuzungulira. Matayala akutsogolo anakwera. Mpiringidzo wa Yotamu unalira pang'ono, unawerama ngati chala chimodzi, n'kugwira. Wa Sandifolo sunalire nkomwe. Unangogonja mwakachetechete, tayala n'kumira m'ngalande, galimoto yonse n'kupendekeka. Zitsulo za pamwamba zinakhuthukira pansi ndi phokoso lalikulu, ndipo phokosolo litatha panalibe woseka.

Atakoka galimoto ija, Sandifolo anatsikira m'ngalande n'kutulutsa mpiringidzo wake. Unali utapindika ngati chigongono. Anaugwira nthawi yaitali, n'kucheukira mulu wake wautali uja umene ankanyadira. Potsiriza ananena motsitsa, osayang'ana munthu.

"Amake Ulemu amakhala pakhomo penipeni."

Pamenepo ndi pamene Yotamu anapeza mawu amene ankawasowa masiku onse aja. "Moto sulimbitsa, achimwene. Moto umafewetsa. Chitsulo chimalimba chikagwiridwa zolimba pozizira, osachitaya, mpaka kutentha kutachoka m'kati mwenimweni."

Kapitawo, manyazi atasanduka ukali, anafuna kuthamangitsa Sandifolo nthawi yomweyo. Yotamu anaima pakati. "Sanachite dala, bwana. Anamuuza lamulo, sanamuuze chifukwa. Ndipo inuyo munauyamikira muluwu." Kapitawo anayang'ana nsapato zake. Mwamwayi, mipiringidzo ija inali isanatuluke pageti ngakhale umodzi. Inafunika kubwerera m'ng'anjo yonse, umodziumodzi, ifiirenso, ipanidwenso, idikiridwe. Ntchito yotero sikanatheka ndi makina amodzi, choncho akuluakulu anasiya onse awiri otsegula, ndipo za kutseka sanazitchulenso.

Madzulo amenewo Yotamu anapalasa njinga yake monga kale, mtima utabwerera m'malo. Kuyambira sabata yotsatira, wodutsa pafupi ndi fakitaleyo ankamva mawu awiri akuwerenga pamodzi m'Chichewa chachitali chija. Okweza kwambiri anali a Sandifolo, ndipo nthawi zina ankafika khumi ndi zitatu.

Abale anga, ambirife timaganiza ngati Sandifolo. Tikaona mnzathu wadutsa m'moto timati basi, walimba ameneyo. Ayi ndithu. Munthu wotuluka m'moto amakhala wofewa. M'thamangireni asanazizire yekha panjira, ndipo mukam'gwira musafulumire kutsegula manja.

Mwezi watha tinaika mwamuna wa mlongo wathu pano. Tinabwera ambiri, tinaimba, tinagona pasiwa. Tsiku lachitatu tinamuona mlongo wathuyo akusesa pakhomo, sabata yotsatira tinakumana naye kumsika, anatimwetulira, ife n'kumauzana kuti mayi uja ndi wolimba mtima. Amenewo ndi maonekedwe chabe. Kulemera kwenikweni kwa chisoni sikunam'kwere, kukubwera ndi dzinja, ndi ana akadzayamba kufunsa. Ife tinawerenga mpaka zinayi, tinapinda mphasa zathu n'kubwerera kwathu. Kwatsala zisanu ndi zitatu, ndipo njira ya kunyumba kwake nonse mukuidziwa.