Gedo, Amene Ankati Samva Chitsamai

"Kalekale, kwathu kumapiri a mtsinje wa Dullay, kunali gogo wathu wina dzina lake Gedo." Anayamba choncho mkulu wina wa ku Ethiopia amene timapemphera naye ku Dowa. Ndikulemba monga ananenera, Mulungu andithandize.

Kumeneko dera lililonse lili ndi chilankhulo chake, koma zonsezo n'zapachibale, ana a mimba imodzi. Gedo anali wakuphiri, wolankhula Chigawada. Mkazi wake Tsale anali wakuchigwa, wolankhula Chitsamai. Kodi Gedo Chitsamai sankachimva? Ankachimva! Akamunena ankakwiya, akatchula mowa ankameza malovu. Koma alamu ake akafika, iye nkhope gwa: "Tsale, tabwera. Akuti chiyani akwanuwa?"

Tsale ankasiya munsi mumtondo. "Akuti mwadzuka bwanji."

"Uwauze ndadzuka."

Chaka chino, chaka chamawa, zomwezo!

"Bambo inu, makutuwo munabwereketsa kwa yani?" ankafunsa Tsale.

"Mwamuna wakuphiri samva zakuchigwa," ankatero Gedo, ndipo ankadzitama nazo pa anzake.

Tsiku lina m'chilimwe, Tsale ali kumtsinje, mlongo wake Harko anatulukira ali wefuwefu. "Alamu, thamangani! Moto wabuka kuseri kwa phiri, ukulunjika kumitengo ya ming'oma yanu ya njuchi!"

Uchi umenewo ndiwo unkadyetsa banja lonse. Kodi Gedo anamva? Anamva! Koma pabwalo panali anzake aja. Akadzuka, si ndiye waulula kuti amamva?

"Itanani Tsale," anatero, thukuta lili kamukamu.

Harko anakuwa. Analira ngati njuchi. Anamukoka dzanja. Anzake omwe anati, "Gedo, akunena za moto!"

"Inu mwadziwira kuti zakuchigwa? Itanani Tsale!"

Kumtsinje kunali kutali. Pamene Tsale ankafika, mphepo inali itabweretsa kale fungo la phula lopserera. Anamvera mlongo wake, anatula mtsuko pang'onopang'ono, anagwada mwaulemu monga mwa masiku onse.

"Akuti njuchi zanu zapsa. Ndiwayankhe chiyani?"

Apa mkulu uja anapukusa mutu ngati zachitika dzulo. "Munthu wanji ameneyu, abale? Mulungu amukhululukire, ine zimandivutabe. Chaka chimenecho ana ake anakadya kuchigwa komweko. N'chifukwa chake ife zidzukulu zake, m'bale wa dera lina akatilankhula, sitiitana munthu. Mawu awiri tikawamva, achitatu timakamvera panjira, tikuthamanga."