Nkhumba ya Atsibweni Pachipata

Panali mayi wina, Nankhoma, amene ankaweta nkhumba kuseri kwa munda wake. Feteleza sankagula. Ndowe za nkhumba zinkapita kumunda, munda n'kubwezera nkhumbazo madeya, maungu ndi kholowa. Khola analimanga pamalo okwera n'kulizinga ndi mpanda wa minga. M'mawa uliwonse ankasesamo, kuwaza phulusa ndi kusintha madzi, ndipo ziweto zake sizinkadwaladwala. Anali ndi nsapato zakezake zolowera m'kholamo. Mlendo aliyense, kaya wogula kaya wachibale, ankathera pachipata. Anzake, amene nkhumba zawo zinkangoyenda m'mudzi kufukula m'madzala, ankamuseka kuti akusunga nkhumba ngati khanda la m'chikuta.

Chaka china kunagwa chigodola. Matendawa alibe mankhwala, alibenso katemera. Amayenda ndi nyama ya nkhumba yodwala, amayenda ndi nsapato, amakwera ngakhale ngolo. Nkhumba yodya bwino lero, mawa makutu afiira, mkuja yafa. Makola anayamba kukhala zii, kuyambira kumsika mpaka m'mudzi mwawo.

Nankhoma anali ndi atsibweni ake, mchimwene wa mayi ake, amene anamulera makolo atamwalira. Khola lawo linali lalikulu kuposa onse, ndipo chigodola chinalisesa. Inatsala nkhumba imodzi yokha, yaikazi, ya bere.

Tsiku lina m'mawa atsibweniwo anafika pachipata cha Nankhoma, nkhumbayo ili pangolo.

"Mwana wanga, zonse zapita," anatero. "Yatsala iyi, ndipo ikudya bwinobwino. Khola lako lokha ndilo matenda sanalowemo. Tsekula, ibisale mwako."

Nankhoma anatuluka, n'kutseka chipata kumbuyo kwake, n'kugwada. Anayang'ana nkhumbayo. Inali yonenepa, maso ali gwa, mimba itatsika. Anayang'ananso atsibweni ake, ndipo anaona kuti akalamba m'masiku ochepa. Mtima unamuwawa. Koma ankadziwa kuti nkhumbayo yagona limodzi ndi zakufa, yadyera nazo m'chodyera chimodzi.

"Atsibweni, nyumba yanga ndi yanu, nkhokwe yanga ndi yanu. Koma nkhumba iyi silowa muno."

"Ukundikaniza ine?"

"Ndikukaniza chimene yabwera nacho, chimene inu ndi ine sitingachione. Kumunda kwanu kutsidya kuli chigafa chakale cha fodya. Ikakhale kumeneko yokha. Madeya ake ndizikusiyirani pamphambano."

Atsibweni anatembenuza ngolo n'kumapita osatsanzika.

Nkhani inawanda tsiku lomwelo. Abale anati Nankhoma ndi wouma mtima, wakonda nkhumba kuposa magazi ake. Nankhoma akafika pamjigo, amayi ankasiya kucheza. Iye sanadziteteze. Ankasenza madeya kukasiya pamphambano monga analonjezera. Poyamba thumba linkangokhala pomwepo, nkhuku n'kumalijompha. Kenako linayamba kutengedwa.

Sipanapite nthawi, nkhumba ya atsibweni inakana chakudya. Inafera m'chigafamo, ana ali m'mimba, ndipo anaikwirira m'dzenje lakuya.

Chigodola chitatha, m'mudzi monse munali khola limodzi lokha momwe munkamveka kulira kwa nkhumba. Za Nankhoma zinaswa, ana ambirimbiri, onyezimira khungu, olimbirana mawere. Alangizi a ziweto anauza anthu kuti atenthe makola akale ndipo adikire kaye asanawetenso. Nthawi itakwana, omwe ankaseka aja anayamba kufika pachipata mmodzimmodzi, kudzafuna mbewu. Nankhoma sanakumbutse aliyense zimene ananena. Ankangofunsa kuti, "Khola latsopano mwamanga? Mpanda ulipo?" Amene wayankha kuti inde ankabwerera ndi kamwana ka nkhumba m'manja.

Atsibweni sanabwere. Koma Nankhoma anamva kuti khola lawo lakale alitentha, ndipo amanga lina pamtunda, lozingidwa bwino. Anasankha ana awiri abwino koposa, wamkazi ndi wamwamuna, n'kuwaika m'dengu, n'kupita nawo yekha. Anawapeza atsibweniwo atakhala pakhonde. Anagwada n'kuika dengu patsogolo pawo.

Mkuluyo anavundukula dengulo, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, "Ukanandimvera tsiku lija, mbewu iyi tikanaipempha kuti?"

Kuchokera pamenepo, pabwalo, pamaliro, paukwati, munthu akangotchula za ziweto, atsibweniwo ankadzikonza pampando n'kukweza mawu. "Nkhumba zonse mukuzimva zikulira m'mudzi munozi, zinatuluka m'khola la mbumba yanga. Mkazi ameneyu anandibweza ine ndemwe pachipata, ali chigwadire!" Ankanena akuseka, chifuwa chili patsogolo. Nankhoma akamva ankangowerama, koma ulendo wobwerera kwawo ankayenda mowongoka.

Inu amene mukundimvera, mukuweta popanda kudalira botolo la mankhwala, choncho mankhwala anu aakulu ndi chipata. Ndipo dziwani kuti matenda safika ndi nkhope ya mdani. Amafika ndi munthu amene mumamukonda, ali pamavuto enieni, akupempha chinthu chooneka chaching'ono. Tsiku limenelo mulemekezeni, mumuonetse pena poika chiweto chake, mumuthandize kuchidyetsa. Koma musatsekule. Mkwiyo wa m'bale umatha, koma khola lonse likafa, inu ndi iye mudzasowa kolowera.