Ndime ya Gologolo pa Msewu wa ku Mathithi

Kwathu kumapiri, chaka china cha njala, nyama zinagwirizana zolambula msewu wokwera mpaka ku mathithi, kuti alendo a m'tauni azibwera pa galimoto kudzaona malo, n'kumasiyako nthochi ndi mtedza. Lamulo linali limodzi: aliyense ndime yake, ndipo wosamaliza sadzalawa kanthu.

Gologolo anapatsidwa pokhota pamwamba penipeni, pamene chigwa chonse chimaonekera, minda ndi utsi wa m'midzi. Anayang'ana khasu, nayang'ana timanja take.

Anapita kwa Nguluwe. "Achimwene, musauze wina. Pa ndime yanga paja malemu bambo anakwirirapo chinangwa."

"Mbali iti?"

"Ndaiwala. Yambirani uku, muzilowera uko."

Nguluwe anafukula mpaka zitsa zonse zinazuka, koma chinangwa osachiona.

"Chiswe chatitsogolera basi," anadandaula Gologolo.

Kenaka anapita kwa Njovu. "Amalume, a Mvuu akuti inu kuvina munasiya kalekale, mawondo anatha."

"Chimtsuko chija chikunena ine? Imba ng'oma!"

Gologolo anaimba chitini. Njovu anavina pa ndime ponse, dothi n'kulimba ngati pabwalo. Inatsala ngalande yotaya madzi, koma Gologolo anati za mvula adzaziona mvula ikadzabwera.

Alendo anayamba kufika, ndipo galimoto iliyonse inkaima pokhota paja kuti ajambule chigwa. Gologolo ankakhala pamwala, mchira uli neng'a.

"Pano ndinalima ndekha, ndi manja awiriwa," ankatero, masaya atatupa ndi mtedza.

Tsiku lina kunagwa chimvula. Madzi anasowa kolowera, ndipo minibasi ya alendo inatitimira pa ndime ya Gologolo. Nyama zonse zinasonkhana.

Njati, kapitawo wa msewu, anati, "Mwambo ukuudziwa, iwe. Galimoto ikatitimira amakankha ndi mwini ndime. Ukalephera, malo ano tipatsa wina."

"Suja unalima wekha?" anatero Nguluwe, mphuno idakali ndi zipsera. "Kankha wekha."

Gologolo anatsamira tayala, nakankha mpaka maso kutong'oka. Minibasi inali phee. Anazembera kwa Njovu n'kunong'ona, "Amalume, a Mvuu akuti galimoto iyi inu simungaisunthe."

"Mvuu ndili pano," anamveka mawu kumbuyo kwake. "Ndati chiyani?"

Gologolo anabwerera ku tayala mwaulemu. Nthawi yomweyo dalaivala anaponda moto, tayala linazungulira, matope n'kumuponya Gologolo mpaka pa nsonga ya msuku. Alendo anaomba m'manja, namujambula. Pokhota paja anapatsidwa Nguluwe, ndipo ngalande anaikumba tsiku lomwelo.

Ndiye mukadzayenda msewu umenewo, mudzamuona Gologolo akudumpha kutsogolo kwa galimoto, n'kuima pakati, n'kuthawiranso mumtengo. Malemu mayi akunyumba ankati akamuona amandigwira mkono: "Taonani bambo, akudzayendera ndime yake."