Malonje a Kanyenda kwa Wosula Makasu

Kalekale, makasu asanayambe kupezeka m'sitolo, kudali mwamuna wina dzina lake Kanyenda. Khalani bwino, ana inu, mumve.

Kanyenda adakwatira Nankhoma, nakakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo, kutsidya kwa kamtsinje kuchokera kumene iye adabadwira. Adali munthu wamphamvu, waulemu, wosadula akulu mawu. Chimodzi chokha adalibe. Adalibe khasu.

Chaka choyamba adalimira khasu la apongozi ake aakazi. Apongozi akaweruka, iye ayambe. Apongozi akalifuna, iye aleke. Udzu udakula, chimanga chidachepa.

Dzuwa la chilimwe litayamba kuwawa, apongozi adatuma mawu kudzera mwa mwana wawo, poti mkamwini ndi mpongozi sayang'anana m'maso. Adati mvula yoyamba ikadzagwa, aliyense adzalowe m'munda ndi khasu lakelake. Mkamwini wopanda khasu adzapinde mphasa yake, abwerere kwa amake.

Nankhoma adapereka mawuwo akuyang'ana pansi. Mwamuna wake ankamufuna. Kanyenda naye sadafune kuchoka.

Tsono pafupi pomwepo padali wosula makasu, mkulu wina, a Chinkhuntha. Padali pafupi zedi, moti tambala akalira kwa Kanyenda, kwa a Chinkhuntha ankamumva. Masiku amenewo munthu wothandiza pachipala, pamalo osulirapo, ankapatsidwa khasu ntchito ikakwana. Ndipo a Chinkhuntha adali okha, pakuti amene ankawavukutira moto adakakwatira kutali.

Kanyenda adati mumtima, ntchito yanga ndi imeneyi.

Koma adali woleredwa ndi mwambo. Kwawo adamuphunzitsa kuti ukafika pakhomo pa wamkulu, suyamba ndiwe kunena chimene wadzera. Umaodira, umakhala pansi, umadikira malonje. Mwini khomo akakufunsa za ulendo wako, pamenepo ndiye umamasula zonse.

Adapita, naodira. A Chinkhuntha adadzutsa mutu, nati mumtima, ndi mwana wa pompano uyu, wadzacheza. Malonje amafunsa mlendo. Ndani amafunsa malonje munthu amene adamuona akukwawa? Adamukankhira chitsa choti akhalepo, nayamba kumusimbira za mbuzi yawo yothawathawa.

Akusimba choncho, ntchito ili mkati. Mkuluyo akhale pansi pa mvukuto, chikopa chopemerera moto, avukute, moto uyake. Adzuke atenge nyundo, chitsulo chazirala. Abwerere ku mvukuto, thukuta lili kamukamu. Kanyenda manja akumuyabwa, koma pakamwa ali chete.

Adakhala, adacheza, adatsazika.

Mawa lake adapitanso. Ulendo uno adatsokomola, kuti mwina mkuluyo azindikire kuti pali mawu. A Chinkhuntha adati ndi utsi umenewo, asendere uko kochokera mphepo.

Adakhala, adacheza, adatsazika.

Adapitanso. Adatambasula manja, nawapinda, nawatambasulanso, kuti mkuluyo aone minofu. A Chinkhuntha adamumvera chisoni kuti mwana wamng'ono ngati iye wayamba kale nyamakazi, namulozera mtengo woti akakumbe mizu yake.

Adakhala, adacheza, adatsazika.

Akafika kunyumba, Nankhoma amufunse ngati wanena. Iye ayankhe kuti sanamufunse. Mitambo nayo idali itayamba kuunjikana kum'mawa.

Tsiku lina ali pachitsa chake chija, padatulukira mlendo, fumbi mpaka m'maondo, ndodo m'manja, phukusi paphewa. A Chinkhuntha adaponya nyundo pansi. Adaitanitsa mphasa, adaitanitsa madzi akumwa, nakhala bwinobwino, nawomba m'manja kufunsa malonje.

Mlendo adamasula. Adati akupita kukapepesa maliro kuseri kwa dambo, koma pobwerera adzaima, chifukwa kwawo ntchito yasowa ndipo wamva kuti pano pali mvukuto wopanda mwini. A Chinkhuntha adakondwa, nati ayende bwino, adzakambirana akadzabwera.

Kanyenda adadzuka pachitsa. Adatsazika osacheza.

Nankhoma atamva, adaika musi pansi.

"Inu bambo, pakamwa mudabwereka kwa yani? Pitani mukanene. Munthu wa kutali akulandeni ntchito ya kuseri kwa nkhokwe yathu?"

"Sindidaleredwe choncho," adatero Kanyenda.

"Chabwino. Mwambowo mukaufunde kwa amayi anu mvula ikagwa."

Kanyenda adakhala pakhonde, nalingalira. Kuswa mwambo, ayi. Kutaya ntchito, ayi. Kusiya Nankhoma, ayi ndithu. Kenaka adadzimenya pantchafu. Ngati malonje amafunsa wochokera kutali, iyenso achokere kutali.

M'mawa kutacha adadula ndodo. Adamanga phukusi, natenga chiguli cha madzi. Nankhoma adaganiza kuti wadzichotsa yekha mvula isanagwe, nayamba kulira. Iye adamuuza kuti apukute misozi, akungopita kwa a Chinkhuntha.

"Kwa a Chinkhuntha ndi uku," adatero mkaziyo, akuloza utsi wa pachipala.

"Ndikudziwa," adatero Kanyenda, nalowera kwina.

Adayenda. Adawoloka kamtsinje. Adadutsa kwa amake osaima, amake akumuitana. Adakwera chitunda, adatsika chitunda. Adazungulira phiri lonse, dzuwa lili pamutu, minga ikumulasa, madzi m'chiguli atatha. Anyani adamukuwiza, iye osacheuka. Adayenda, adayenda, adayenda.

Dzuwa litapendeka adatulukira m'njira yaikulu yodzera alendo, fumbi mpaka m'maondo, ndodo m'manja, phukusi paphewa. Adaima patali ndithu, monga achitira munthu wosadziwa khomo, naodira.

A Chinkhuntha atamuona, nyundo idawagwa. Adati mumtima, kaya ndi uthenga wa maliro, kaya amupirikitsa kuukwati, koma munthu uyu wayenda. Adaitanitsa mphasa. Adaitanitsa madzi akumwa. Adakhala bwinobwino, nawomba m'manja.

"Malonje, mwana wanga."

Kanyenda adamwa madzi, napumira m'mwamba, nayamba. Sadadumphe kanthu. Adati kumene wachokera adagona bwino, mayi wa kunyumba ali bwino, apongozi ali bwino, nkhuku zilipo. Adasimba za kamtsinje kuti kaphwa. Adasimba za chitunda, za minga, za anyani. A Chinkhuntha ankangovomera, "Eya, eya," mtima uli m'mwamba, kudikira choipacho.

Potsiriza adafunsa kuti nanga ulendo wonsewu wachokera kuti.

Kanyenda adaloza ndi mlomo. A Chinkhuntha adatembenuka, naona Nankhoma ataima pachulu, manja ali m'chiuno, akuwayang'ana.

"Ndachokera apo, wawa. Chimene ndadzera ndi ichi. Ndikufuna ntchito. Mundilole ndizikuvukutirani moto, ndipeze khasu mvula isanagwe, ukwati wanga ungathe."

A Chinkhuntha adayang'ana fumbi la m'miyendo mwake. Kenaka adaseka. Adaseka mpaka kugwira nthiti, mpaka misozi, mpaka akazi awo adatuluka m'nyumba kudzaona.

"Iwe mwana iwe, masiku onsewa wandithera chitsa changa, osanena bwanji?"

"Simunandifunse, wawa."

Mkuluyo adapukuta misozi, naulula kuti iyenso ankawaona manja aja, nawasirira. Koma munthu wodzacheza, mwamuna wapabanja pake, ungamuuze bwanji kuti gwira apa? Adaopa kumunyoza. Choncho wina ankafuna ntchito, wina ankafuna wantchito, onse awiri n'kumakamba za mbuzi.

Kanyenda adafunsa za mlendo uja. A Chinkhuntha adati mlendo adangoti adzaima, koma Kanyenda wafika, ndipo wapempha monga mwa mwambo, wachita kuuonjeza. Mlendoyo akadzabwera adzamulozera kwa mphwawo wosema mitondo, nayenso akusowa manja.

M'mawa mwake Kanyenda adadzuka mapazi atatupa ngati maungu. Nankhoma adamuthowa ndi madzi otentha, akuseka, namufunsa ngati lero adzerenso kuphiri. Iye adangotola ndodo yake. Adatsimphina njira yachidule, nafika mkaziyo asanataye madzi aja. Mwayi wake, mvukuto amaugwira chokhala pansi.

Adavukuta, adavukuta. Moto sudazimenso. Nyundo idalira kuyambira m'mawa mpaka madzulo, makasu nachuluka. Mphepo ya mvula itayamba kununkhira, a Chinkhuntha adasankha khasu lolemera bwino, nalipereka m'manja mwake. Kanyenda adalilandira ndi manja awiri, atagwada. Adasema yekha mpini, nalikhomera.

Mvula yoyamba idagwa. Apongozi potuluka kuti apite kumunda, adapeza mkamwini ali kale pakati pa mzere. Sadanene kanthu kwa iye, poti mwambo sulola. Adangouza mwana wawo kuti madzulo aphe tambala, munthu wolima adye.

Tsono mumve bwino, ana inu. Musati mwambo ndiwo udalakwa. Kuodira n'kwabwino, kudikira wamkulu n'kwabwino, ndipo amene amalowa pakhomo pa eni ngati mbuzi sindimuyamikira. Koma ulemu suletsa munthu kunena chosowa chake. Ukagwada, nuwomba m'manja, nuti, "Wawa, ndili ndi mawu," palibe wamkulu angakutche wamwano. Akale adati mbewa ya manyazi idafera kuuna. Kanyenda sadafere kuuna, koma adalipa ndi mapazi. Inu mukafuna ntchito, yambani mwafunsa pafupi, ndipo mufunse ndi pakamwa. Phiri mulisiye likhale.

Pamenepo ndiye pathera nthano yanga.